Mlandu wa Mayi Wodzutsa Mjigo

M'dziko la Gwadani, mu ulamuliro wa Mfumu Mwinizonse Wachitatu, munali mijigo mazana atatu. Yonse inakumbidwa chaka chimodzi, chaka chimene mfumuyo inkakondwerera kuti yatha zaka makumi awiri pampando osadwalapo chimfine. Yonse inapakidwa utoto wachikasu, mtundu wa kunyumba yachifumu, ndipo uliwonse unatsegulidwa ndi nduna, magule ndi mbuzi ziwiri. Patatha zaka zitatu, yotulutsa madzi inali yosakwana makumi anayi. Utoto wokha ndiwo unali ukadali bwinobwino, chifukwa aboma ankabwera kudzapakanso chaka ndi chaka.

Edinala Nangondo ankakhala m'mudzi wa Musafunse, ndipo ankakonza njinga pa msika wa Tavomera. Ntchitoyi anaiphunzira kwa malemu mwamuna wake. Poyamba anthu ankaseka kuona mayi atagwira sipanala, koma kusekako kunatha ataona kuti tayala lomata iye siliphwa msanga. Mjigo wa kwawo utasiya kutulutsa madzi, Edinala anadikira aboma miyezi iwiri. Kenako tsiku lina masana, anthu ali kumunda, anatsegula mutu wa mjigowo n'kusolola ndodo zachitsulo zokolana mpaka ya pansi penipeni. Vuto analipeza. Kamphira kozungulira ngati chibangili cha khanda, kamene kamakoka madzi, kanali katadyeka. Anayesa kusema kena pa tayala lakutha, koma kanagwira masiku awiri basi. Timphira tenitenito tinkasungidwa ku Unduna wa Madzi ndi Kuyamika, ndipo tinkaperekedwa kwa okhawo okhala ndi satifiketi yokonzera mijigo. M'dziko lonse munalibe ndi mmodzi yemwe wokhala nayo, poti maphunziro ake anali asanayambe.

Choncho a ku Musafunse anabwerera kudambo, kukamwera limodzi ndi ng'ombe. Mvula itayamba, matenda otsegula m'mimba analowa m'mudzi, ndipo mwezi umodzi wokha anaika maliro atatu. Edinala tulo tinayamba kumuvuta, chifukwa m'nyumba mwake munali mwana wake Tiyanjane, woyembekezera, mwezi wachisanu ndi chitatu.

Lolemba lina wailesi ya mayi wogulitsa usipa inasiya nyimbo n'kulengeza kuti Bwalo la Nduna lakhala pansi, ndipo zokambirana zake zimveka dziko lonse. Msika wa Tavomera unasendera pafupi. Woyamba kulankhula anali a Chisoti, Nduna ya Madzi ndi Kuyamika.

"Mwinizonse, inu amene mitambo imayamba yakupemphani isanagunde! Inu amene nsomba zinaphunzira kusambira poona mmene mumayendera! Mwa chifundo chanu, tikukhazikitsa Pulogalamu ya Madzi Mbwee. Anthu makumi asanu ndi limodzi, mmodzi pamudzi, adzaphunzira kusamalira mijigo kwa masiku asanu. Koma, Mwinizonse, munthu wakumudzi ukamuitana ku maphunziro wopanda malamulo, amabwera ndi mafunso. Tiyambe takonza malamulo a khalidwe la otenga mbali."

Zokambiranazo zinatenga masiku atatu. Tsiku loyamba nduna zinakangana za kuwomba m'manja. Nduna ya Asilikali inkafuna kasanu ndi kawiri dzina la mfumu likatchulidwa, Nduna ya Magule inkafuna kasanu ndi kanayi, ndipo inalira misozi yeniyeni poti mnzakeyo akuchepetsa mfumu ndi kuwomba kuwiri. Anagwirizana pa kasanu ndi katatu, kotsiriza kakhale kamphamvu.

"Kodi madzi awatchulako?" anafunsa wogulitsa nyama madzulo a tsiku lachitatu, akuthamangitsa ntchentche.

"Kamodzi," anatero mayi wa usipa. "Pamene mfumu imapempha akumwa."

"Ndiye alipo kumeneko."

"Alipo. Ndinamva akumeza."

A ku Musafunse sanavutike kusankha wowaimira. Wa sipanala anali mmodzi. Edinala anasiya Tiyanjane m'manja mwa anansi, anamuuza kuti aziwiritsa madzi ngakhale nkhuni zitavuta bwanji, n'kukwera lole yopita ku likulu, mzinda wa Ombanimanja. M'chikwama anaikamo sipanala yake, poganiza kuti ku maphunziro a mijigo ikhoza kukafunika.

Maphunzirowo ankachitikira mu Holo ya Chiyamiko, yozunguliridwa ndi mpanda wa waya. Pabwalo pake panali mjigo wachikasu, wouma ngati anzake. Kutsogolo kwa holo, patebulo, panali bokosi lalikulu lomangidwa ndi riboni, lolembedwa kuti muli timphira mazana asanu. Edinala ataliona anakhala pa benchi yoyandikira, pambali pa mkulu wina woonda, wa jekete la matumba akuluakulu, amene anati dzina lake ndi Zakeyu Phulusa.

"Ndi koyamba, mayi?" anafunsa a Zakeyu.

"Koyamba. Nanga inu, bambo?"

"Aka n'kachikhumi ndi chisanu ndi chinayi. Ndili ndi satifiketi ya ulimi wa njuchi, ya nsomba za m'maiwe, ya kulera mwana wobadwa kumene. Njuchi ndilibe, dziwe ndilibe, ana anakula kalekale. Ndimabwerera mabanzi a pa tiyi. Mukafuna kutuluka bwino muno, pakamwa muzitsegula pokhapokha pakulowa kanthu."

Wophunzitsa anali a Mkokomo, Mlembi Wamkulu wa Makhalidwe a Otenga Mbali, munthu wa suti yothina ndi mawu a lipenga. Tsiku loyamba lonse anawerenga malamulo, amene analipo makumi asanu ndi limodzi kudza awiri. Wotenga mbali asatuluke pachipata mpaka maphunziro atatha. Wofuna kufunsa funso alilembe pafomu dzulo lake, alemberetu ndi yankho, kuti nthawi isatayike. Woyasamula ayasamule atatseka pakamwa. Kuchimbudzi n'kawiri patsiku. Lamulo lomalizali linayamba kuvuta pofika Lachiwiri, chifukwa madzi a otenga mbali ankatungidwa kumtsinje, pamene a Mkokomo ankamwa a m'botolo.

Lachiwirilo anagawa zovala. Amayi analandira nsalu, abambo malaya, zonse za nkhope ya mfumu. Lamulo nambala 14 linkati nkhopeyo isakhalidwe, isatsamiridwe, isapindike, isazondoke. Koma osindikiza nsalu, pofuna kuonetsa chikondi, anaika nkhopezo mothithikana, kotero kuti mulimonse mmene mayi angavalire, imodzi inkagwera kumbuyo. Pamene lamulo nambala 9 linkati wophunzitsa akamalankhula aliyense akhale pansi.

Mayi wina wa ku Ndagonja anaimika dzanja. "Bwana, tikhale kapena tiime?"

"Funso limenelo munalilemba dzulo?"

"Nsaluyi mwatipatsa lero, bwana."

"Ndiye mulilembe lero, tiliyankha mawa. Pakadali pano tsatirani malamulo onse awiri."

Kuyambira pamenepo amayi ankakhala mopendekera, pa ntchafu imodzi, ikatopa n'kutembenukira ina. Abambo, amene nkhope inali pamsana, ankakhala chowerama kuti asatsamire mfumu. A Mkokomo ataona holo yonse yapendekeka ndi kuwerama anakondwa kwambiri, nati sanaonepo gulu laulemu chotere.

Lachitatu linali la kuwomba m'manja, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Edinala zikhatho zinatupa, iye amene zitsulo za njinga sizinamutupitsepo. Maso ake sankachoka pa bokosi lija.

Lachinayi m'mawa anaphunzira kalankhulidwe. A Mkokomo analemba pa bolodi zilembo zikuluzikulu.

"Chinthu chimene Mwinizonse anakhazikitsa," apa holo inawomba kasanu ndi katatu, "sichifa, sichiwonongeka, sichithyoka. Mjigo ukasiya kutulutsa madzi, timati ukupuma. Wonena mawu ena aja wanyoza mpando. Tanenani nonse."

"Ukupuma!"

"Wathu wapuma zaka ziwiri," anang'ung'udza a Zakeyu. "Uyenera kuti unatopa kwambiri."

Pawindo Edinala ankaona antchito akukumba kangalande kuchokera kuseri kwa holo kufika pa mjigo wa pabwalo. Ankakwiriramo paipi ya pulasitiki yochokera mu mgolo umene anaukweza padenga la chimbudzi. Mawa lake mfumu inkayembekezeka kudzatseka maphunzirowo, kugwira mkono wa mjigo, ndipo madzi anayenera kutuluka. Timphira, a Mkokomo anafotokoza, tidzagawidwa mu Gawo Lachiwiri la pulogalamu, malamulo ake akadzakonzedwa.

Pa nthawi ya tiyi mlonda anaitana Edinala kumpanda. Kunja kwa waya kunaima a Filimoni, mnansi wake wa kabaza, thukuta lili kamukamu.

"Achemwali, Tiyanjane zamugwira. Wayamba kutsegula dzulo. Tamutengera kuchipatala cha pa Pirirani. Anamwino akuti mwana akugunda, koma mayi wake madzi atha m'thupi. Akungotchula inu."

Edinala anagwira waya ndi manja onse awiri. Anauza a Filimoni kuti adikire pamthunzi, n'kupita kwa a Mkokomo, amene ankapukuta shuga pa tayi.

"Bwana, mwana wanga ali kuchipatala. Ndiloleni ndipite."

"Lamulo nambala 3, mayi. Palibe wotuluka."

"Akhoza kundisiya, bwana."

"Mukadalemba dzulo."

Edinala anabwerera pa benchi. A Zakeyu anamuyang'ana, nalankhula motsitsa, maso ali kutsogolo. "Khomo lilipo limodzi. Lamulo nambala 60. Wophwanya malamulo atatu amathamangitsidwa pompopompo. Ine sindinakuuzeni."

Phunziro litayambanso, Edinala anaimirira wopanda fomu.

"Bwana, tiphunzira liti kukonza mjigo? Kwathu ku Musafunse mjigo unafa. Unafa, ndipo anthu akufa nawo."

Atatero anakhala pansi ndi thupi lonse, bwinobwino, nadzisuntha pang'ono kuti akhazikike. Amayi ena anamuyang'ana mwamantha, ena mwansanje, poti ntchafu zinali zitawawa masiku atatu.

A Mkokomo analemba m'buku lawo nthawi yaitali. "Malamulo atatu," anatero. "Zoona, muyenera kuthamangitsidwa. Koma lamulo nambala 61 likuti pa chithunzi cha mawa pakhale otenga mbali makumi asanu ndi limodzi, osachepera. Choncho ndikuthamangitsani mawa, chithunzi chikatha. Pendekekani."

Belu la chakudya chamasana litalira, a Mkokomo analowa m'kachipinda kawo kodyera, natseka chitseko. Edinala sanapite pamzere wa mbale. Anaganiza kuti ngati malamulo atatu sakukwanira kutsegula chipata, afunika kuphwanya lina lolemera. Anapita patebulo, anamasula riboni, anatenga kamphira kamodzi, natuluka ndi sipanala m'manja. Anafika pa mjigo n'kuyamba kumasula.

"Bambo Phulusa, tabwerani mundigwirire ndodozi."

"Mayi, ine zaka makumi awiri sindinaphwanyepo lamulo."

"Pali lamulo loletsa kugwira ndodo?"

A Zakeyu anaganiza kaye, akuyendetsa milomo ngati akuwerenga. "Palibe. Sanaganizeko zoti wina angagwire chitsulo pa maphunziro ano." Anaika banzi m'thumba, nagwira.

Otenga mbali anasiya mbale zawo n'kuzungulira. Edinala ankasolola ndodo imodziimodzi, akufotokoza mwachidule osakweza mutu. Izi zimakolana chonchi. Muziyala motsatana, pamalo oyera. Aka ndi kamene kadyeka, mwakaona? Katsopano kamalowa milomo itayang'ana kumwamba. Mukakazondotsa mupopa mphepo. Anabwezera zonse, namanga, napopa. Mjigo unalira kukhosi ngati nkhalamba yodzuka, unalavula dzimbiri lofiira, kenako madzi oyera anakhuthuka pa simenti. Ola linali lisanathe.

Amayi a m'makomo oyandikira, amene zaka ziwiri ankatunga kumtsinje, anamva kulira kwa mjigo ndipo anathamangira pampanda ndi ndowa, akululutira. Phokosolo ndi limene linatulutsa a Mkokomo, fupa la nkhuku lili m'manja. Anayang'ana madziwo ngati aona njoka pakama.

"Zimitsani! Zimitsani! Nthawi yake ndi mawa!"

Chipata chinatseguka ndithu, koma chinatsegukira galimoto ya asilikali. Madzulo omwewo Edinala anapezeka atagwada pa mkeka wofiira m'Bwalo la Nduna. Mfumu Mwinizonse, imene pansalu inali ndi masaya odzaza, inali nkhalamba yaing'ono yosinza pa mpando waukulu, mapazi osafika pansi. A Nduna Chisoti anaimirira kuti anene mlandu.

"Mwinizonse, inu amene mphezi imakupepesani ikang'anima! Mayi uyu, mopanda chilolezo, wakonza mjigo wachifumu."

Edinala anawomba m'manja mwaulemu. "Pepani, Mwinizonse, ndine munthu wosaphunzira, ndangophunzira masiku anayi. Koma a Mkokomo atiphunzitsa lero m'mawa kuti mjigo wachifumu suwonongeka. Ndiye a Nduna akuti ndakonza chiyani?"

Nduna ya Asilikali, imene inali isanaiwale za kuwomba kuwiri kuja ndipo inkakhulupirira kuti a Chisoti anaikira kumbuyo mnzake wa Magule, inadzuka msangamsanga. "Funso labwino! A Chisoti atiuze. Mjigowo unali wotani mayiyu asanaugwire?"

"Unali... ukupuma."

"Ndiye wakonza chopuma? Chokonzedwa n'chimene chatani, a Chisoti? Tchulani."

A Chisoti anatuluka thukuta. Anayesa kunena kuti mayiyo wasokoneza tulo ta mjigo, koma woweruza wamkulu anafufuza m'mabuku onse osapeza lamulo loteteza tulo ta chitsulo. Anayesa za kuba kamphira, koma kamphirako kanali mu mjigo wa mfumu, pabwalo la mfumu, ndipo woweruza anati katundu wochoka m'bokosi la mfumu kupita mu mjigo wa mfumu sanabedwe, wangosamuka. Edinala ankayang'ana dzuwa likutsetsereka pawindo, akuganiza za msewu wa ku Pirirani.

Mkanganowo unadzutsa mfumu. "Madziwo akutuluka?" inafunsa ndi mawu otopa.

"Akutuluka, Mwinizonse," anayankha a Mkokomo ali chigwadire. "Koma mosaloledwa."

"Nanga ine mawa ndikatani kumeneko? Nsapato zatsopano ndagula kale."

Bwalo lonse linagwidwa ndi chisoni poona vuto lalikulu limene lagwera dziko. Amene analipulumutsa anali Nduna ya Mauthenga. Inati zoona zake n'zakuti mjigowo unamva kuti Mwinizonse akubwera mawa, ndipo chifukwa cha chisangalalo unalephera kudzigwira. Mayiyu anangopezeka ali pafupi. Mjigowo umangidwe ndi unyolo mpaka mawa, kuti uphunzire kudikira. Nduna zonse zinawomba kasanu ndi katatu, kotsiriza kamphamvu.

Unatsala mlandu wokhalira nkhope, umene Edinala sanaukane. Woweruza anaimirira nawerenga chigamulo ndi mawu onjenjemera, poti m'moyo wake anali asanaperekepo chilango chowawa chotere.

"Edinala Nangondo, kuyambira lero mpaka imfa yako, sudzaloledwa kutenga mbali pa pulogalamu iliyonse ya boma. Sudzaitanidwa ku msonkhano, ku maphunziro, kapena kukavina pamsewu nduna ikamadutsa. Nsalu ubweze. Satifiketi sudzaiona."

Msilikali amene anamuperekeza kuchipata anayang'ana uku ndi uku, nanong'ona. "Mayi, mwachita bwanji kuti mupeze chilango chimenechi? Akazi anga akhala akuchifuna zaka khumi."

A Filimoni anali atatsatira galimoto ija ndi njinga yawo, ndipo ankadikira panja. Njira yotulukira mumzinda inkadutsa pa Holo ya Chiyamiko. Mjigo unali utamangidwa kale unyolo, amayi a ndowa ataima chapatali akuuyang'ana. Pampanda panaima a Zakeyu, amene anaponya kathumba ka pepala pamwamba pa waya.

"Mabanzi a panjira, mayi! Musadye mothamanga, ena ndi olimba!"

Atatuluka mumzinda Edinala anatsegula kathumbako. Munali mabanzi awiri, ndi timphira tisanu ndi kamodzi. Bokosi lija linakhala lotsegula nthawi yonse imene a Mkokomo ankathamangitsa madzi.

Ku Pirirani anapeza Tiyanjane ali moyo, maso atalowa m'kati, botolo la madzi likudonthera m'mkono. Matenda anali atafulumizitsa nthawi yake. Pachifuwa pake, mkati mwa nsalu, panali kamtsikana kakang'ono ngati mbatata, kakupuma mofulumira. Edinala anakhala pansi pa simenti n'kulira kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo. Bedi loyandikana linali lopanda munthu. Ndi pamene pankagona Nachisale, mnansi wawo wa ana anayi, amene anamwalira Lachitatu masana, nthawi imene anthu makumi asanu ndi limodzi ankaphunzira kuwomba m'manja.

Lachisanu m'mawa, wailesi ikufotokoza mmene Mwinizonse anangokhudzira mjigo ndi chala chimodzi madzi n'kutumphuka, Edinala anali pa mjigo wa ku Musafunse ndi amayi anayi omugwirira ndodo. Pofika sabata yotsatira anali atayenda midzi ina isanu, kuyambira ndi mjigo wa pachipatala. Kulikonse ankaumiriza amayi awiri kapena atatu kuti agwire sipanala okha, iye ataima pambali.

Patatha milungu iwiri, masana dzuwa likuswa mtengo, galimoto yachikasu inafika ku Musafunse ikufuka nthunzi kutsogolo, nizima yokha pafupi ndi mjigo. Munatuluka a Mkokomo ndi abambo awiri ovala zipewa za Madzi Mbwee, amene anakhoza bwino koposa onse pa maphunziro aja. Pa mjigo panali mzere wa amayi oposa makumi awiri. Wina anathamanga kukaitana Edinala, amene anabwera akupukuta girisi m'manja.

A Mkokomo anatambasula kalata. Inkati mjigo wa ku Musafunse wadzutsidwa mosatsata ndondomeko, ndi munthu wopanda satifiketi, pogwiritsa ntchito kamphira ka Gawo Lachiwiri. Kamphirako kachotsedwe, kabwerere m'bokosi, mjigo upitirize kupuma mpaka nduna idzabwere kudzaudzutsa mwalamulo.

Amayi aja anatula ndowa zawo pansi, mmodzimmodzi, n'kusendera pafupi mpaka alendowo anapezeka ali pakati. Mlongo wake wa Nachisale, amene tsopano ankalera ana anayi aja pamodzi ndi ake, anaima kutsogolo kwenikweni, manja atapinda pachifuwa.

Edinala anatulutsa sipanala m'chikwama naipereka ndi manja awiri.

"Chotsani, bwana. Ine ndinaletsedwa kutenga mbali."

A Mkokomo anailandira ngati yotentha, naipereka kwa wa chipewa woyamba. Uyo anazungulira mjigo kawiri, anagogoda mkono wake, anasuzumira kumene kumatulukira madzi, naipereka kwa mnzake. Mnzakeyo anaitembenuza uku ndi uku.

"Bwana, izi sitinafike nazo. Mwina zili mu Gawo Lachiwiri."

"Mwinatu muuwombere m'manja," anatero mlongo wa Nachisale, osaseka. "Utseguka wokha."

A Mkokomo anayang'ana nkhope za amayiwo, anayang'ana msewu wautali wobwerera ku Ombanimanja, anayang'ananso galimoto yawo yofuka. Kenako anatsegula buku, anatsamira pa galimotoyo, nalemba akuwerenga mokweza kuti onse akhale mboni: "Tayendera mjigo wa ku Musafunse. Tapeza kuti ukupuma monga mwa malamulo. Palibe chochotsa." Pamene ankasaina, mtsikana wina anali akupopa, ndipo madzi otaikira ankayenda m'ngalande n'kunyowetsa nsapato zawo.

Anatseka buku, nameza malovu ouma. Botolo lawo linali litatha kalekale panjira, ndipo woyendetsa anati galimoto siidzuka isanamwe. A Mkokomo anatenga chigubu kumbuyo kwa galimoto, anakonza tayi, nalunjika pa mjigo, kudutsa mzere wonse.

Mlongo wa Nachisale anatambasula mkono n'kuwatsekera njira.

"Bwana, pano tili ndi lamulo limodzi lokha. Wobwera pambuyo amaima pambuyo."

A Mkokomo anayang'ana Edinala ngati angawathandize, koma iye anali atatembenuka kale, akubwerera ku njinga imene anaisiya miyendo m'mwamba. Mlembi Wamkulu wa Makhalidwe a Otenga Mbali anayenda ndi chigubu chake mpaka kumapeto kwa mzere, kuseri kwa mayi wa ndowa zitatu, naima padzuwa.